Luso Losula Anyamata pa Kaphiri ka Hartmann

M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu, ndipo Ajezuiti a ku St George's College ku Harare mwambiwu amaudziwa bwino. Mu 1896 Bambo Marc Barthélemy, wansembe wochokera ku France, anatsegula sukuluyi ku Bulawayo m'kanyumba kamalata, ali ndi anyamata 6 okha. Ana atachuluka malo anachepa, ndipo mu 1927 sukuluyi inayamba kuphunzitsa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, pa kaphiri ka Hartmann. Pamenepo panamangidwa nyumba ya nsanja yonga linga la mfumu, kenaka holo ya Beit, tchalitchi, mabwalo a rugby ndi cricket, komanso sukulu ya pulayimale ya Hartmann House.

Koma chondigwira mtima si makomawo ayi. Ndi luso lolera mnyamata: mphunzitsi wokhala naye pansi kuwongola chiganizo chimodzi mpaka chimveke, belu loitanira ku Misa, ndi mwambo wa Ajezuiti wolemba zilembo za AMDG (kutanthauza "ku ulemerero waukulu wa Mulungu") pamwamba pa tsamba, kukumbutsa mwana kuti ngakhale masamu amalemekeza Mulungu. Aphunzitsi amene mwasula anyamata zaka zoposa 125, tikukuwomberani m'manja.