Za Jekete ya Beni: Kodi Ndi Kutsanza Cabe?

Pali mau amene timamva kawirikawiri pakati pa aphunzitsi ndi akatekisiti, akuti jekete imene abvala obvina Beni ndiyo kutsanza cabe malaya a asilikari, ndipo mulibe nzeru ya eni dziko m'menemo. Mau awa tiwayese, pakuti mphunzitsi woweruza cinthu asanacipenye bwino aphunzitsa ana kupeputsa nchito ya manja a makolo ao.

Dzina la Beni licokera ku liu la Cingelezi lonena gulu la oomba malipenga. Gule ameneyu anayamba m'zaka za m'ma 1890 m'mizinda ya Aswahili, monga Lamu ndi Mombasa, ndipo anafika kwathu makamaka ndi asilikari ndi amtengatenga obwera ku nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Lero abvinidwa pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Matumba a pacifuwa, timalamba ta paphewa ndi mabatani a mumzere zinatengedwadi kwa asilikari; izi sitikana ai. Koma T. O. Ranger, m'buku lace la 1975 lonena za Beni, anaonetsa kuti kupikisana kwa magulu a gule kunalipo kale pakati pa Aswahili, ndipo cobvala ca Azungu cinalowa m'mwambo umene unali wao. Cinenero cathu cicita comweco. Tinalandira mau akuti "jekete" ndi "batani", koma pocuruka akhala majekete ndi mabatani, namvera malamulo a Cinyanja.

Tsono jekete iyi iri ndi malamulo ace, ndipo pa iyo pakomana nchito zitatu za maina atatu. Kusoka ndiko kulumikiza nsaru ndi msoko. Kupeta ndiko kulemba mizere kapena maluwa pa nsaru ndi singano ndi ulusi wa mitundu, osati kupeta kuja kwa licero. Kutunga ndiko kulowetsa mikanda mu ulusi. Ana ambiri a sukulu anena "kusoka" pa zitatu zonsezi, ndipo potaya mau ataya pamodzi kusiyanitsa kwa nchitozo.

Kusoka ndiko kutsogola. Wobvina Beni akweza manja, agwedeza mapewa, naponda pansi mwamphamvu; cotero msoko wa m'khwapa ndi wa paphewa ubwerezedwe kawiri. Nsaru ya khaki icapidwe isanadulidwe, pakuti nsaru ya thonje ifupika ikalowa m'madzi. Pamene padzakhala mendulo kapena mikanda paikidwe kansaru kena m'kati, kuti kulemera kwace kusang'ambe cifuwa ca jekete. Potunga mikanda imangidwe mfundo pakapita ingapo, kuti ulusi ukaduka pabwalo isamwazike yonse.

Cimene ife tidzudzula ndi cina. Tiona majekete ena odzala ndi zonyezimira kuyambira kukolala kufikira kumpendero, pamene msoko wace uli wolekerera. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso zokometsera za Beni zinali ndi tanthauzo. Magulu anali ndi mfumu, akazembe ndi asilikari wamba, ndipo cizindikiro ca paphewa kapena ca pamkono cinanena udindo wa mwini wace. Msilikari wamba akabvala nyenyezi zoposa za mtsogoleri wace, jeketeyo yalakwa malamulo, monga mwana wolemba kuti "anthu wabwera". Apa ndipo pali kutsanza kweni kweni, ndiko kutenga cizindikiro osadziwa cimene cinena.

Cifukwa cace tipempha inu, aphunzitsi a zosoka, kuti mwana akabwera ndi malaya a cikondwerero, muyambe mwawatembenuza, mupenye msoko ndi mfundo za m'kati. Pambuyo pace mumfunse tanthauzo la cizindikiro ciri conse anaikapo. Inunso akatekisiti, musananene kuti jekete ya Beni ndi kutsanza, muyambe mwakhala pansi ndi telala amene anaisoka, akuuzeni cifukwa ca batani ndi mkanda uli wonse.