Ukwati wa Seretse Khama: Zimene Kanema Waonetsa ndi Zimene Wasiya

Pali kanema wina dzina lake A United Kingdom, amene anatuluka m'chaka cha 2016. Anamkonza ndi mayi wa ku Britain, Amma Asante, ndipo nkhani yake anaitenga m'buku la Susan Williams lotchedwa Colour Bar. Kanemayu asimba za mwana wa mfumu ya ku Africa amene anakwatira Mzungu, napirikitsidwa m'dziko la kwawo chifukwa cha ukwatiwo. Ine ndamuonera kawiri. Ulendo woyamba ndinakondwa naye kwambiri. Ulendo wachiwiri ndinali nditawerenga mbiri ya anthu akewo, ndipo ndinaona kuti wasiya chinthu chachikulu chimene ife a kuno ku Mtakataka, ku Mua ndi ku Golomoti tikadaphunzirapo koposa. Popeza kanemayu ali m'Chingerezi, ndiyamba ndasimba nkhaniyo mwachidule, kuti inu owerenga muweruze pamodzi ndi ine.

Nkhani yake

Seretse Khama anabadwa mu 1921 m'dziko la Bechuanaland, limene lero litchedwa Botswana. Atate wake anali mfumu yaikulu ya mtundu wa Abamangwato, koma anamwalira iye ali ndi zaka zinayi. Tsono mng'ono wa atate wakewo, Tshekedi Khama, anagwirizira ufumu kuti mwanayo ayambe wakula. Atakula anamtumiza ku England kukaphunzira za malamulo. Mu 1947, mumzinda wa London, Seretse anakomana ndi Ruth Williams, namwali Wachingerezi amene anali kalaliki pa kampani ya inshuwalansi. Awiriwa anakondana. Bishopu wa London anakana kuwadalitsa m'tchalitchi popanda chilolezo cha Boma, chotero anakalembetsa ukwati wawo ku ofesi ya Boma pa 29 September 1948.

Ukwatiwo unakwiyitsa anthu a mbali zitatu. Atate a Ruth anamkana mwana wawo. Tshekedi anati Seretse wanyoza mwambo. Koma amene anali ndi mphamvu zoposa anali Azungu olamulira South Africa, amene mu 1949 anapanga lamulo loletsa ukwati wa Mzungu ndi munthu wa khungu lina. Iwo sanafune kuona mfumu yakuda ndi mkazi wake Mzungu pafupi ndi malire awo. Boma la Britain linali kufuna golide ndi miyala ina ya mtengo wapatali ya ku South Africa, ndiponso linaopa kuti Azunguwo angalande Bechuanaland. Linatuma woweruza, Walter Harragin, kukafufuza. Iye anapeza kuti Seretse anali woyenera ufumu, koma kuti ukwati wake ndiwo unamtsekera njira, ndipo Boma linabisa zimene analembazo kwa zaka 30. Mu 1950 linamuitanira Seretse ku London, nilimuletsa kukhala kwawo kwa zaka zisanu. Mu 1952 linati asadzakhalenso mfumu mpaka kalekale. Analoledwa kubwerera mu 1956 atavomera kusiya ufumu. Pambuyo pake anayambitsa chipani, ndipo mu 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Botswana, Ruth ali pambali pake.

Zimene wachita bwino

Chabwino choyamba n'chakuti kanemayu sabisa chinyengo cha Boma la atsamunda. Tiona akuluakulu a Boma akulankhula mwaulemu, akumwetulira, koma akunama. Ati akufuna mtendere pakati pa Abamangwato, pamene chenicheni akuopa South Africa. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Mmodzi wa amene anaumiriza Britain kuti ikane Seretse anali Godfrey Huggins wa ku Southern Rhodesia, yemwe uja amene mu 1953 anatsogolera Chitaganya chimene makolo athu a ku Nyasaland anachikana ndi mtima wonse.

Chachiwiri, David Oyelowo amene asewera ngati Seretse, ndi Rosamund Pike amene asewera ngati Ruth, aonetsa chikondi cha anthu akuluakulu, chodekha ndi chopirira. Gawo limene linandikhudza ndi la Ruth ali yekha ku Serowe, mwamuna wake atatsekeredwa ku London, iye ali ndi pathupi. Akazi a Azungu amnyoza, akazi a m'mudzi amuyang'ana ndi diso lokayika. Iye sathawa. Achira mwana wake komweko, ndipo pang'onopang'ono amayi a m'mudzi amlandira. Mkazi aliyense amene anatengedwa chitengwa kupita kumudzi kosadziwa munthu, ndi mkamwini aliyense amene anamanga nyumba kuchikamwini, adzazindikira zimene Ruth akumva mumtima.

Kumene walakwa

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zolakwa zina n'zazing'ono. Azungu awiri amene azunza Seretse m'kanemayu, Canning ndi Lancaster, ndi anthu opeka, sanakhaleko. Ndiponso kanemayu aonetsa ngati nkhani ya miyala ya dayamondi inathandiza Seretse m'masiku a kupirikitsidwa kwake, pamene dayamondi wa ku Orapa anapezeka mu 1967, dziko litalandira kale ufulu. Izi tikhoza kukhululuka, pakuti wosimba nthano amakometsera.

Cholakwa chachikulu chili pa bwalo. Abamangwato ali ndi bwalo lawo lotchedwa kgotla, pamene amuna a mtundu wonse asonkhana kukamba milandu. M'kanemayu Seretse aima pabwalo kamodzi, alankhula mawu amphamvu, ndipo anthu amvomera tsiku lomwelo. Sizinatero ayi. Bwalo linakhala katatu. Loyamba linali mu November 1948, ndipo pafupifupi onse anaukana ukwatiwo. Lachiwiri linali mu December chaka chomwecho, ndipo ambiri anakanabe, koma ena anayamba kukayika. Lachitatu linali mu June 1949, ndipo apo ndi pamene anthu zikwizikwi anaimirira kuvomera Seretse ndi mkazi wake, otsutsa nakhala owerengeka.

Taganizani, inu owerenga, za miyezi isanu ndi iwiri ija. Anthu anabwerera kumidzi kwawo. Anakambirana podyetsa ng'ombe, pamaliro ndi pamowa. Anaona kuti mnyamatayo sasintha mawu ake, ndipo ena anayamba kuganiza kuti Tshekedi afuna kukhalitsa pampando. Munthu amene anaimirira kukana mu November ndi yemweyo anaimirira kuvomera mu June. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, pakuti tiona mtundu wathunthu wa anthu, ambiri a iwo osapita kusukulu, ukusintha maganizo ake poyera, pamene Boma la anthu ophunzira linakakamira bodza lake zaka zambiri. Kanemayu wapereka ulemu wonse kwa mlankhuli mmodzi, nalanda ulemu anthu a pabwalo amene anamvetsera, nalingalira, natembenuka.

Cholakwa china chili pa Tshekedi. Chingerezi chitcha munthu ameneyu ndi liwu limene Mchewa angalimve ngati atsibweni, mwini mbumba. Koma iye anali bambo wamng'ono, pakuti Abamangwato atsata kuchimuna monga Angoni, ndipo mkazi wamkulu wa mfumu ndiye abala mfumu ya mawa. Chotero mtundu wonse unali ndi mawu pa mkaziyo. Mlandu wa Tshekedi unali wakuti Seretse wakwatira osauza akuluakulu, monga tinganene kuno kuti walowa m'banja popanda ankhoswe. Kanemayu atchula zimenezi mothamanga, ndipo woonera akhoza kuganiza kuti Tshekedi anali kungoda khungu la Ruth monga Azungu a ku South Africa anada la Seretse. Sationetsa kuti munthu ameneyu analimbana ndi Azungu kwa zaka zambiri. Mu 1933 bwalo lake linalanga Mzungu wina, Phineas McIntosh, pomkwapula, ndipo Boma linatumiza asilikali ku Serowe nilimchotsa Tshekedi pampando kwa kanthawi. Tshekedi analakwa pa nkhani ya ukwatiwu, koma kulakwa kwake kunali kwa kholo limene bwalo likhoza kulibweza. Pambuyo pake iye ndi Seretse anayanjana.

Chachitatu chimene kanemayu wasiya ndi ichi. M'maiko onse a kuno, Azungu ndi Amwenye ambiri anali kukhala ndi akazi akuda, nabala nawo ana, kawirikawiri popanda ukwati wolembetsa. Ku Nyasaland kuno ana otere anachuluka mpaka mu 1929 anapanga bungwe lawo lotchedwa Anglo-African Association, kuti Boma liwamvere. Palibe mmodzi wa atate awo amene Boma la Britain linamchitira zimene linachitira Seretse. Chimene chinawawa atsamunda chinali kuona mwamuna wakuda akukwatira Mzungu masana, mwa lamulo, ngati munthu wolingana naye. Kanemayu akadaonetsa mbali imeneyi, chinyengo chawo chikadaoneka chonse.

Phunziro lake kwa ife

Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza sitili anthu a mtundu umodzi. Angoni a Kachindamoto atakhazikika ku Mtakataka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anakwatira akazi Achichewa, ndipo ana awo anayamwa chinenero cha amayi awo, mpaka lero Mngoni wa kuno alankhula Chichewa. M'mphepete mwa nyanja muli Ayao, ndipo ukwati wa Mkhristu ndi Msilamu si wosowa. Amene anapitako ku Chamare, nyumba yosungiramo za makolo pa Mua, aona miyambo ya Achewa, ya Angoni ndi ya Ayao iliyonse payokha, koma kumidzi kuno miyambo itatuyo imapezeka m'nyumba imodzi. Maukwati amenewa sanayambe mosavuta. Panali kukangana za malowolo, za chikamwini, ndi za mwini ana. Ankhoswe anakhala pansi, nakamba, nabwerezanso, mpaka chachilendo chinasanduka chozolowereka. Ndi ntchito yomweyo imene bwalo la ku Serowe linachita.

Malamulo aakulu a dziko lathu, mu gawo 22, anena kuti mwamuna ndi mkazi aliyense ali ndi ufulu wokwatira ndi kumanga banja, ndiponso kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja. Ufuluwu uli ndi mbali ziwiri, ndipo kanemayu aonetsa imodzi yokha, ya munthu woletsedwa kukwatira amene amkonda. Mbali inayo tinaiona kuno kwathu. Inkosi Theresa Kachindamoto, atalowa ufumu mu 2003, anapeza ana aakazi ambiri ali pabanja asanakhwime. Anathetsa maukwati otere mazanamazana, nabweza anawo kusukulu, ndipo mafumu aang'ono amene analolera mchitidwewo anawaimitsa. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anakonzedwa kuti agwirizane nazo.

Wina angafunse kuti, kodi mfumu yothetsa maukwati isiyana bwanji ndi Boma limene linafuna kulekanitsa Seretse ndi Ruth? Kusiyana kwake n'koonekeratu. Seretse anali ndi zaka 27, Ruth 24, ndipo onse awiri anasankha okha, nasunga chosankha chawocho mpaka imfa ya Seretse mu 1980. Mwana wa zaka 13 amene aperekedwa kwa mwamuna chifukwa cha njala ya pakhomo sanasankhe kanthu. Boma la Britain linalanda akuluakulu ufulu wosankha, pamene Inkosi inabwezera ana nthawi yoti akule, adzasankhe okha.

Lero maganizo asintha. South Africa inafafaniza lamulo lake lija mu 1985, ndipo mwana wa Seretse ndi Ruth, Ian Khama, analamulira Botswana kuyambira 2008 mpaka 2018. Ana athu apita ku Joni, ku Lilongwe ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo alendo a khungu lililonse adutsa pa Golomoti popita ku Monkey Bay. Wina mwa ana athu adzabwera ndi bwenzi la mtundu wina. Koma ndiona kuti tagwa m'cholakwa chatsopano. Mwana akabwera ndi Mzungu, abale amaomba m'manja asanamfunse ndi dzina lomwe, nati, "Basi, umphawi watha pakhomo pano." Akabwera ndi munthu wosauka wa dziko loyandikana nalo, nkhope zimagwa. Kumeneku ndi kuyang'anabe khungu, kungoti tsopano tiliyesa thumba la ndalama. Pa ukwati wa Seretse wolemera ndi wobadwa bwino anali mwamuna wakudayo, ndipo Ruth ndiye anataya ntchito ndi abale.

Chotero ndinena kuti kanemayu ndi woyenera kuonera, ndipo akadapezeka womasulira m'Chichewa mokhulupirika akadathandiza ambiri. Koma pomuonera kumbukirani kuti bwalo linakhala katatu. Inu ankhoswe ndi makolo, mwana akakubweretserani mlendo, musayankhe tsiku lomwelo, povomera kapena pokana. Funsani ngati onse awiri akula, ngati asankha okha popanda wowakankha, ngati mlendoyo ali ndi abale odziwika amene mungakambe nawo, ndi ngati agwirizana za kumene adzakhala ndi za ana awo. Akayankha bwino mafunso amenewa, khungu lisakhale mlandu. Ndipo ngati munakana poyamba, musachite manyazi kuimirira pa bwalo lachiwiri kapena lachitatu ndi kunena kuti mwasintha maganizo, monga anachitira Abamangwato mu June 1949.