Amatifunsa m'Chichewa, Amayankhana m'Chingerezi

Kafukufuku wina woyambirira wa HIV wokhudza Amalawi ku Joni anachitikira kumigodi. Mu 1986 bungwe la eni migodi la Chamber of Mines, lomwe likulu lake linali mumzinda wa Johannesburg, linayezetsa magazi a anthu zikwizikwi ogwira ntchito m'migodi, ndipo zinapezeka kuti kachiromboka kanali kochulukirapo pakati pa ochokera ku Malawi. Eni migodi anapempha boma la Malawi kuti liziyeza mwamuna aliyense asananyamuke ulendo wa ku Theba. Boma la Kamuzu linakana. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo, ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti anthu ngati 200 mwa iwo anali atapezeka ndi kachirombo. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa, polemba za nkhaniyi mu 1998, anati Edzi inali chonamizira chabe, poti migodi inali itayamba kale kufuna antchito ochepa ndi okhazikika a m'dziko momwemo. Kaya tigwirizana naye kaya ayi, magaziwo anali a amalume athu ndi agogo athu, pomwe funso linali la abwana, ndipo yankho lake linawachotsa ntchito.

Ndayambira kumeneko chifukwa masiku ano, m'zidziwitso za misonkhano ya akatswiri a Edzi ndi m'makalata oitanira anthu kupempha ndalama za kafukufuku, mawu amene amatchulidwa kwambiri ndi akuti community. Kafukufuku azichokera ku community, azitsogoleredwa ndi community, zotsatira zake zizibwerera ku community. Ine amene ndimadyera ntchito yomasulira mawu, liwu limeneli limandisowetsa mtendere, chifukwa Chichewa sichikulola kubisala. Uyenera kusankha: mudzi, dera, gulu, mpingo, mtundu, kapena anthu apamzere wa kuchipatala. Ukangosankha limodzi, ukhala wanena amene ali mkati ndi amene watsala kunja. Chingerezi chimalola wolemba kuti asanene. Tsono taganizirani mnyamata wa ku Mangochi wogwira ntchito m'sitolo ku Fordsburg, kapena mayi wa ku Nkhata Bay wosunga nyumba za anthu ku Randburg, amene amagona m'chipinda chogawidwa ndi nsalu ku Hillbrow, Disembala akafika n'kukwera basi ya kumudzi. Ena mwa iwo mankhwala otalikitsa moyo amachita kutumiziridwa pa basi yomweyo ndi abale. Dera lawo ndi liti? Mfumu yawo yoti ofufuza akagwade kwa iyo ndi ndani?

Sindikunyoza misonkhano. Wa ku Durban mu Julaye 2000 unasintha zinthu zenizeni. Kumeneko Nkosi Johnson, mwana wa zaka 11 wochokera kuno ku Johannesburg, anaima pamaso pa khamu n'kulankhula za matenda ake pamene Pulezidenti Thabo Mbeki anali kukayikira poyera ngati HIV ndiyo imayambitsa Edzi. Mwanayo anamwalira pa 1 Juni 2001, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma. Anayamba mu 2004, chaka chomwecho chimene Malawi anayamba kuwapereka ulere. Ku Toronto mu 2006, dziko lonse linaona adyo, mandimu ndi bitiruti zitayalidwa pamalo oonetserapo zinthu a boma la South Africa, ndipo manyazi a tsiku limenelo anathandiza kugwedeza boma. Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri pa zaka zimenezo ndi ntchito ya Treatment Action Campaign, bungwe lomwe linayamba mu Disembala 1998. Anthu ake ankatenga sayansi yovuta, ya chitetezo cha m'thupi ndi mayina a mankhwala, n'kumaiphunzitsa m'matchalitchi, m'maholo ndi pamizere ya kuchipatala m'Chizulu ndi m'Chikhosa, mpaka mayi wosapita patali ndi sukulu ankatha kufunsa dokotala chifukwa chake sanapatsidwe nevirapine. Mu 2002 anapambana mlandu wa mankhwala amenewa kukhoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, kuno ku Johannesburg. Uku kunali kumasulira kotsikira kwa eni matenda, ndipo kunawapatsa mphamvu yotsutsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kumasulira kumene ambirife timalipidwa nako kumayenda njira ina. Johannesburg ndi malo amodzi mwa aakulu kwambiri a kafukufuku wa HIV padziko lonse. Ku Orange Farm n'kumene kunachokera umboni wa mu 2005 wakuti mdulidwe umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachirombo ndi pafupifupi 60 peresenti. Kafukufuku wa HPTN 052, amene anasonyeza kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV mpata wopatsira mnzake umatsika ndi 96 peresenti, anali ndi mabanja a ku Soweto, ku Johannesburg, ku Lilongwe ndi ku Blantyre pakati pa mabanja 1,763 amene anatenga nawo mbali. Msonkhano umene anakafotokozera zotsatira za HPTN 052 mu 2011 unali ku Rome. Za jakisoni wa lenacapavir, yemwe anayesedwa pa atsikana ndi amayi oposa 5,000 a ku South Africa ndi Uganda, anakazifotokozera ku Munich mu 2024. Ku Montreal mu 2022 nthumwi zambiri za ku Africa zinalephera kufika chifukwa cha ziphaso zolowera m'dzikomo. Magazi amatengedwa kuno, m'manja amakaomberana kutali.

Pakati pa magazi ndi msonkhano pamakhala pepala lachilolezo, limene munthu amasainira kuti walowa m'kafukufuku mwa kufuna kwake. Mapepala oterewa ndamasulirapo angapo, ndipo amafika funso litakhazikika kale, ndalama zitavomerezedwa kale. Ukamaliza, ntchito yako amaipereka kwa womasulira wina kuti aibwezere m'Chingerezi, ndipo ngati Chingerezi chachiwiricho chikufanana ndi choyamba amati zili bwino. Njira imeneyi imatsimikiza kuti Chichewa chako chamvera Chingerezi. Za mayi amene adzawerengeredwe pepalalo, masamba khumi ndi kuposerapo, mwana ali kumbuyo, siinena kanthu. Womasulira waluso amafika pophunzira kulemba Chichewa chobwerera bwino m'Chingerezi, chimene munthu wamoyo salankhula.

Ndipo mawu ovuta ndi omwewo amene ali pamtima pa chilolezo. Kuyeza ndi kuyesa zimasiyana ndi chilembo chimodzi. “Tikukuyezani” ndi mawu a chisamaliro, amene munthu amawayembekezera kuchipatala. “Tikuyesa mankhwala pa inu” ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ili yoona. Ndi anthu angati amene amasaina yachiwiriyi atamva yoyambayo? Placebo timati mankhwala opanda mphamvu, koma kwa womva izi n'zosamveka: dokotala wovala zoyera angakupatse bwanji chinthu chimene akudziwa kuti sichigwira ntchito, iye n'kumati sakudziwanso ngati wakupatsa chimenecho? Kugawa anthu m'magulu ndi kompyuta timati kuchita maere, ndipo apa pokha Chichewa chimanena zoona kuposa Chingerezi, chifukwa aliyense amadziwa kuti pa maere wina amagwa.

Zimene zimachitika funso likakhala la ena zinaonekera m'kafukufuku wa VOICE, amene analemba amayi 5,029 ku South Africa, Uganda ndi Zimbabwe kuti ayese mapiritsi ndi mankhwala opaka oteteza ku HIV. Amayiwo ankanena kuti akugwiritsa ntchito mankhwalawo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mabotolo ankabwerera opanda kanthu. Zotsatira zitatuluka mu 2013, magazi anasonyeza kuti mankhwala ankapezeka m'magazi osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a amene anayezedwa. Kumisonkhano nkhani inakhala yakuti amayi sanatsatire malangizo. Koma ofufuza amene anakhala pansi ndi amayi a ku Hillbrow ndi kwina anamva zomveka: ankafuna kuyezedwa pafupipafupi ndi kusamalidwa mwaulemu kuposa kuchipatala cha boma, ankaopa kuti achibale akaona mapiritsi a ARV m'chikwama aziti ali ndi kachirombo, ankamva kwa anzawo pamzere kuti mankhwalawo amadwalitsa, ndipo ankaopa kuchotsedwa akanena zoona. Ine ndikamawerenga zimenezi ndimaona amayi amene anali ndi kafukufuku wawowawo, wa momwe ungapezere chisamaliro chabwino mumzinda wouma mtima popanda kuika thupi lako pachiswe, ndipo wawoyo anayenda bwino. Mphekesera zakuti ofufuza amagulitsa magazi, zimene Eirik Saethre ndi Jonathan Stadler analemba kuchokera ku Soweto ndi Orange Farm, ifenso timazidziwa. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera n'koipa kotheratu. Koma funso limene lili pansi pake, lakuti magazi anga akupita kuti ndipo apindula nawo ndani, mdzukulu wa munthu amene anabwezedwa ku Theba ali ndi chifukwa cholifunsira.

Kumudzi kunachitika ntchito ina imene ndimaisirira ndi kuidandaula nthawi imodzi. Kuyambira mu 1999, Susan Watkins ndi anzake, amene ankachita kafukufuku ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, anapempha anthu ena a m'midzi kuti azilemba m'makope zimene akumva anthu akukamba za Edzi kudambwe la mpira, pachitsime, pamaliro, m'minibasi ndi pamowa. Makopewo anapitirira 1,000. Anasonyeza kuti pamene akatswiri ankati Amalawi ali chete pa za Edzi, anthu ankaikamba usana ndi usiku, kuwerengetsera amene anayenda ndi malemu, kulangizana, kusekana. Palibe mafunso a pa fomu amene akanatola zimenezo. Koma makopewo analembedwa m'Chingerezi. Macheza amene anachitika m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka anamasuliridwa m'mutu mwa wolembayo madzulo omwewo, ndipo mawu enieniwo anapita ndi mphepo. Munthu akati magawagawa, kapena kaliwondewonde, kapena matenda a boma, sakunena chinthu chimodzi. Woyamba akudzudzula khalidwe, wachiwiri akufotokoza thupi limene waliona, wachitatu akuloza chala kwina. M'Chingerezi zonsezi zimatha kusanduka liwu limodzi lokha. Nkhokwe yaikulu chotere ya zokamba za Amalawi pa mliri umene unatha abale awo, Mmalawi wosadziwa Chingerezi sangaiwerenge.

Kuno ku Joni zilipo ntchito zimene zinayesa kutembenuza njira. Ku yunivesite ya Wits, African Centre for Migration & Society inagwira ntchito ndi bungwe la Sisonke ndi Market Photo Workshop mu 2010, n'kupereka makamera kwa amayi obwera ogulitsa thupi ku Hillbrow kuti ajambule ndi kulemba okha za moyo wawo. Ritshidze, yomwe inayamba mu 2019 ndi mabungwe a anthu amene ali ndi HIV, kuphatikizapo Treatment Action Campaign, imatuma anthu ake kuzipatala zazing'ono mazanamazana kukafunsa mafunso apamzere: mwafika nthawi yanji, mwadikira maola angati, mankhwala analipo, namwino anakulankhulani bwanji, anakubwezani chifukwa chosowa chiphaso kapena kalata yochokera kuchipatala china? Mwa zonse zimene zimatchedwa kafukufuku wa anthu eni ake, iyi ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa funso lake wodwala angalizindikire kuti ndi lake, ndipo zotsatira zimakaperekedwa kwa oyang'anira chipatala chomwecho. Chofooka chake chinaonekera mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lakunja. Ndalama za PEPFAR zinkathandiza ntchito zambiri zoterezi, zipatala zina za magulu osalidwa ku Johannesburg zinatsekedwa, ndipo kafukufuku wa katemera wa BRILLIANT, wotsogoleredwa ndi asayansi a mu Africa, anaima atatsala pang'ono kuyamba. Mwini funso akhoza kukhala wa kuno, koma mwini thumba akatseka, onse amabalalika.

Pali gulu lina limene kafukufuku wa pamzere saligwira, la amene safika n'komwe pamzerewo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa ulere posayang'ana dziko lochokera. Komabe a Operation Dudula akhala akuima pazipata za zipatala, monga anachitira ku Jeppe mu 2023 ndi m'malo ambiri mu 2025, kufunsa ziphaso ndi kubweza obwera. Mmalawi wobwezedwa pachipata akaphonya tsiku lake lotenga mankhwala, m'kaundula amalowa m'gulu la lost to follow-up, ndipo chiwerengerocho chimakaonetsedwa kumsonkhano. Yesani kuwamasulira mawu amenewo. Otayika? Osowa? Othawa mankhwala? Chichewa chimafuna kudziwa wataya mnzake ndani. Munthuyo sanasowe, ali ku Mayfair, ndipo nambala yake ya foni ili pa khadi.

Wofuna kulankhula kumsonkhano waukulu wa Edzi amatumiza chidule cha mawu osapitirira 350 m'Chingerezi, chogawidwa m'zigawo zinayi zoikika. Gulu la maliro la Amalawi ku Rosettenville, limene limadziwa bwino amene wadwala, amene wasiya mankhwala ndi amene mtembo wake wakwera galimoto kupita kumudzi, silingalembe chidule chotero popanda munthu wa digiri, ndipo dzina limene lidzatsogole ndi la wa digiriyo. Chonsecho mafunso ali nawo, ndipo ndi a sayansi yeniyeni. Nali limodzi. Mu Sepitembala 2025 kunalengezedwa mgwirizano, womwe Wits RHI ya ku Hillbrow ili nawo, woti lenacapavir wotchipa azidzagulidwa pa madola 40 pachaka kuyambira mu 2027. Jakisoniyu amabayidwa kawiri pachaka, ndiye akuoneka ngati anapangidwira munthu wapaulendo. Mtsikana akabayitsa woyamba ku Hillbrow mu Juni, Disembala n'kumupeza ali ku Mangochi, wachiwiri akabayitsa kuti, ndi khadi la dziko liti, ndipo namwino wa kumeneko adzadziwa bwanji tsiku limene anabayitsa woyamba?