Mabuku Oyera a Michel Gondry

Ndatopa nawo olemba ndemanga amene akaonera filimu ya kufufuta zimene munthu akukumbukira, amathamangira kufunsa ngati sayansi yake ndi yoona. Inde, mu 2000 Karim Nader anaonetsa pa makoswe kuti chinthu chikangokumbukiridwa chimafewa, ndipo mankhwala atha kuchisokoneza chisanakhazikikenso. Mu 2013 Steve Ramirez ndi Xu Liu ku MIT anadzala mantha abodza mu ubongo wa mbewa. Zimenezo tiwasiyire a m'labotale. Wopanga filimu atimvetse kuwawa kwa kuiwala, ndipo ambiri ntchito imeneyi imawakanika.

Pa Men in Black ya mu 1997 sindichedwapo: kachipangizo kuthwanima kamodzi, munthu waiwala, ife n'kuseka, basi.

Michel Gondry ndiye anaigwira bwino mu Eternal Sunshine of the Spotless Mind ya mu 2004. Joel walipira kampani ya Lacuna kuti imuchotsere Clementine, yemwe anali chibwenzi chake, m'mutu, ndipo Gondry amamuchotsa pang'onopang'ono ife tikuona. Taonani chigawo cha m'sitolo ya mabuku. Awiriwa akucheza, kumbuyo kwawo zilembo zikuzimirira pa mabuku mpaka mashelefu kuyera mbee. Kamera siloza n'komwe. Diso limadzazindikira mochedwa kuti china chake chapita, ndendende mmene zikumuchitikira Joel. Ku Montauk nyumba ikugumuka, madzi a m'nyanja alowa m'kati, iwo akulankhulabe. Luso ndi limeneli!

Nkhani ya chabwino ndi choipa yagona m'kadulidwe ka zithunzi. Ntchito ili m'kati Joel wasintha maganizo, koma ali m'tulo, sangathe kukuwa. Gondry amatichotsa m'mutu mwake n'kutiponya kuchipinda, kumene antchito a kampani akumwa ndi kuvina pabedi lomwe iye wagona. Kodi chilolezo chimene munthu anapereka masana chikugwirabe ntchito usiku, mwini wake akukana? Wolemba filimuyi Charlie Kaufman, amene anapata nawo Oscar chifukwa cha nkhaniyi, sanasowe kuika funsoli m'kamwa mwa dokotala wa kampaniyo, Dr. Mierzwiak. Timalimva tokha zithunzi zikamasinthana.

N'chifukwa chake chigawo cha Mary, mmodzi wa antchito a Lacuna, chimandinyong'onya. Mtsikanayu akatulukira kuti nayenso anafufutidwa chibwenzi chake ndi Dr. Mierzwiak, zonse timachita kuuzidwa ndi mawu a pakamwa ndi a m'kaseti. Zimene zinamuchokera m'mutu Gondry satisonyeza ngakhale chimodzi.