Njanje ya ku Cairo ndi Thumba la Nandolo

Alipo anthu ophunzira amene atsitsimutsa loto lakale la Cecil Rhodes, lakuti njanje imodzi icoke ku Cape Town kufikira ku Cairo, ndi kuti katundu wa kuno aziyenda pa sitima mpaka ku Ulaya wosatsitsidwa pa njira. Iwowa amati cotsekereza ndi makalata a pamalire basi. Mau otere akoma m'khutu, koma eni ace sanawerame kupenya citsulo cimene sitima iyendapo.

Mlimi wa nandolo wa ku Mikolongwe, m'boma la Ciradzulu, ali nayo njanje pakhomo pace, imene inatsegulidwa m'caka ca 1908 kucokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, kufika ku Blantyre. Mpata wa pakati pa zitsulo zace ziwiri ndiwo mamilimita 1,067, wolingana ndi wa njanje zazikuru za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Pamenepa akale sanalakwe. Koma thumba lace litati lilunjike kumpoto, likaima pa Cipata, pakuti njanje imene inafika kumeneko m'caka ca 2010 kucokera ku Mcinji ikadalibe mnzace, nithera pomwepo, yosalumikizana ndi ya TAZARA. Lingakhale litakwera TAZARA, ku Tanzania likapeza njanje yakale ya mamilimita 1,000 ndi yatsopano ya 1,435. Bogi silingatambasule miyendo yace monga munthu wolumpha ngalande. Katundu ayenera kutsitsidwa ndi kupakiridwanso, ndipo pa kutero masiku apita, matumba nang'ambika. Njanje ya ku Sudan nayo ithera pa Wadi Halfa, yosakomana ndi ya ku Egypt.

Bvuto limeneli silipatula olemera. Sitima zocokera ku China kupita ku Ulaya zisamutsa katundu pa Khorgos, m'malire a Kazakhstan, kumene mpata ukula kufika 1,520, ndi kusamutsanso polowa m'Poland.

Koma colakwa cacikuru ca olotawa ndi kupenya kutali, kusiya capafupi. Asanatsegule mlatho wa Dona Ana m'caka ca 1935, katundu wa ku Beira anali kuoloka Zambezi pa sitima ya pamadzi, ndipo madzi akacepa m'cilimwe anali kungokhala pa gombe. Mlathowo unacotsa msautso umenewo. Nkhondo ya ku Mozambique inauononga m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'caka ca 1997 madzi osefukira anadula njanje pa Ciromo. Kwa zaka zoposa 20 panalibe bogi locoka ku Limbe limene linafika ku Beira, cinkana mpata wa zitsulo unali umodzimodzi njira yonse. Nandolo wa ku Ciradzulu ogula ace ambiri ali ku India, ndipo afika kumeneko pa nyanja, kudzera pa doko la Nacala kapena la Beira. Mlimi uja alibe naye nchito Cairo.