La, Liwu Lochedwetsa Mathero a Nyimbo

Pa mawu asanu ndi awiri amene woimba kwaya amakwera nawo kuchokera pa do kukafika pa ti, palibe lina limene lanamiziridwa ndi aphunzitsi akale, ndi kunyalanyazidwa ndi oimba a makono, koposa lachisanu ndi chimodzi, limene timalitcha la. Ndipo ife a ku Makwasa, amene makolo athu akhala akuimba nyimbo za magulu anayi chiyambire pamene a Seventh-day Adventist anakhazika mishoni yawo pano m'chaka cha 1902, imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo, tiyenera kuuzenga mlandu wake mwachilungamo.

Bodzalo linachokera ku Mangalande. Mbusa John Curwen, amene anakuza njira ya solofa pa maziko oikidwa ndi mayi Sarah Glover wa ku Norwich, anaphunzitsa kuti liwu lililonse lili ndi mtima wake, do wolimba, so wowala, koma la wachisoni ndi wolira. Natipatsanso chizindikiro chake, dzanja lolendewera pansi lopanda mphamvu. Zoona, nyimbo ikamanga nyumba yake pa la m'malo mwa do, imamveka ya maliro. Koma tsegulani buku la Khristu mu Nyimbo, mumve Amen wotsekera: pamene besi aima pa fa, la ndiye amene amakometsa mgwirizanowo, ndipo palibe amene anakhetsapo msozi chifukwa cha iye. Chisonicho sichikhala mwa iye yekha, chimadza ndi anzake amene waima nawo.

Ntchito yake yeniyeni, imene ine ndiiyesa yaulemu koposa, ndiyo kuchedwetsa. Besi akafika pa so, sopulano ali pa ti kapena pa re, mpingo wonse, ngakhale agogo amene sanaonepo bolodi la solofa, umadziwa m'mafupa mwake kuti kwatsala do, nyimbo ithe. Koma mpeki wanzeru, pokana kutaya mawu aakulu msanga, amakweza besi sitepe imodzi yokha kufika pa la, ndipo popeza mgwirizano wa la, do, mi uli ndi mawu awiri a kwawo kwa do, khutu limamva ngati lafika chikhalirecho lisanafike, monga mlendo amene mwamperekeza mpaka pa mphambano, mwatsazikana kale, iye n'kutembenuka kuti anenenso mawu amodzi amene anali chenicheni chimene anadzera.

Apa m'pamene makwaya ambiri a m'midzi ndi a m'makomboni a m'minda ya tiyi amapunthwa. Anyamata a besi ophunzira ndi khutu lokha, amene anazolowera do, fa ndi so (ndipo sindiwanyoza, pakuti pa miyendo itatu yomweyi abale aja a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anaimikapo kwela wotchuka mpaka ku Ulaya), amathamangira ku do, natseka khomo limene mpeki analisiya dala lotsegula; woimba kiyibodi naye, zala zake zitaloweza makodi atatu, amawatsata. Mzere wotsiriza umabwera nyimbo itatha kale. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komanso alipo ena, ophunzira pang'ono, amene atalawa kukoma kwa la amamuthira pa mzere uliwonse, kufikira mpingo uleka kudabwa. Kamodzi pa ndime n'kokwanira, makamaka pa mawu amene wolemba anawalemeretsa.

Mphunzitsi wofuna kukonza zimenezi ayambe ndi besi paokha, akwere so, la, pang'onopang'ono, osalola la kutsika ndi kutopa kwa mpweya, pakuti liwuli limakonda kufwifwa kumapeto kwa mzere. Kenaka aonjeze enawo: wa ti akwere ku do, wa re atsikire ku do yemweyo, wa so atsikire ku mi, kotero kuti do amveke pakamwa pa magulu awiri, ndipo pasapezeke gulu lokwera limodzi ndi besi kupatula lija la ti.