Zilembo za pa Ukwati ndi Zilembo za Nchito

Zilembo za m'buku lino n'zoimirira, ciliconse pacokha. Koma pali zina zopendekeka, zogwirana manja, za micira yaitali yopotana. Timaziona pa makalata oitanira ku ukwati, pa zikalata za otsiriza maphunziro, ndi pa mabotolo ena a zakumwa. Zimaoneka ngati zolembedwa ndi dzanja, koma zambiri amazisindikiza ndi makina. M'Cipwitikizi amazicha letra inglesa, ndiko kunena kalembedwe ka Angerezi.

Zinayamba ndi dzanja ndithu. Ku England, m'zaka za m'ma 1700, alembi a anthu amalonda ankalemba cotere ndi nthenga ya tsekwe. Pambuyo pace kunabwera colembera ca citsulo ca nsonga yogawika pakati. Mlembi akakanikiza potsitsa dzanja, nsongayo imatseguka, inki nkutuluka yambiri. Pokweza dzanja amapepuza, ndipo mzere umakhala woonda ngati tsitsi. Kukongola kwace kwagona pomwepo, pa kunenepa ndi kuonda kwa mizere. Osindikiza anatengera kalembedweka. Mu 1966 Matthew Carter anapanga zilembo zosindikizira zochedwa Snell Roundhand, potsanzira dzanja la Charles Snell, mphunzitsi wa kulemba wa ku England wa nthawi yakaleyo. Lero zilembo zotere zili m'kompyuta, ndipo aliyense wosindikiza makalata angazisankhe.

Kodi n'zabwino? Pamalo pace n'zabwino kwambiri. Taonani botolo la Coca-Cola. Cakumwaci cinayamba kugulitsidwa mu 1886 ku Atlanta, ku America. Dzina lace analipereka ndi Frank Robinson, mlembi wa mabuku a ndalama, ndipo linalembedwa m'kalembedwe ka Spencer kamene ankaphunzitsa m'masukulu a kumeneko. Dzinali ndi lalifupi, ndipo silisintha. Ngakhale agogo amene sanalowepo m'kalasi amalidziwa ali patali. Saliwerenga ai, amalizindikira monga tizindikira nkhope ya mnansi. Cimodzi-modzi dzina lanu pa cikalata ca maphunziro. Mumalidziwa kale, tsono micira ija ingolipatsa ulemu, ngati nsalu yatsopano pa tsiku la phwando. Munthu amene wabvutika caka cathunthu ndi pensulo, ataweruka kumunda, ayenera kulandira ulemu umenewo.

Bvuto limayamba pamene zilembozi zipatsidwa nchito yonena zimene sitikuzidziwa. Lembani mau akuti "m'munda mwanu" m'zilembo zogwirana. Muona kuti m, n, u ndi w zasanduka timapiri totsatana, ndipo simudziwa pothera cimodzi ndi poyambira cinzace. Cinyanja cathu n'codzala ndi zilembo zimenezi: mnyamata, mwamuna, munthu, mnzanu. Wozolowera kuwerenga amalota mau onse nkupitirira. Koma ife a m'kalasi timagwira cilembo cimodzi-cimodzi ndi cala. Cikabisala cimodzi, mau onse athawa.

Palinso kakoma ka pamwamba. Ng'oma timayimba pa gule, ngoma ndi nyama ya m'chire. Kusiyana kwace ndi kakoma kokha. Pakati pa micira yopotana kamasowa, kapena kamaoneka ngati dontho la inki. Zilembo zazikulu nazo zimasokoneza: T amafanana ndi F, I amafanana ndi J. Ena amalemba mau onse m'zilembo zazikulu zopotana, poganiza kuti akuonjeza kukongola. Zimenezi ngakhale mphunzitsi amaziyang'ana kawiri. Zilembozi anazipanga kuti cacikulu cikhale cimodzi patsogolo, zazing'ono zitsatire.

Ndipo mizere yoonda ija sicedwa kufa. Pepala likamatidwa pa mtengo, dzuwa ndi mvula zimayamba kudya mizere yoonda, yonenepa nkutsala yokha ngati mipanda yopanda mitanda. Madzulo, pa kuwala kwa koloboyi, maso a munthu wamkulu saiona nkomwe.

Amayi ndi abambo, nkhaniyi si ya kukongola kokha. Cidziwitso ca tsiku la katemera, mlingo wa mankhwala a mwana, malangizo a mankhwala opopera thonje, mtengo wa cimanga pa msika: wophonya nambala imodzi pamenepa angataye ndalama, mwina moyo. Ndiponso munthu amene walephera kuwerenga cikwangwani sanena kuti zilembo n'zoipa. Amati, "Mutu wanga ngwouma," ndipo mawa sabwera ku kalasi. Colakwa si cace. N'ca amene anasankha zilembo.

Ena amati tiziphunzire zonse, cifukwa makalata a abale amabwera olembedwa ndi dzanja logwirana. N'zoona, ndipo tidzafikako m'buku lotsatira. Koma woyamba ayambe ndi zoimirira.

Mukapita kukasindikiza kalata ya ukwati wa mwana wanu, musaope kumuuza wosindikiza zimene mufuna. Maina a mkwati ndi mkwatibwi awalembe ndi micira yonse imene angathe. Koma tsiku, ora ndi dzina la mudzi azilembe zoimirira, zazikulu bwino, kuti azakhali amene ayamba kalasi caka cino adziwerengere okha.